Shelefu ya ma supplement mu Lilongwe: chogula, chosiya ndi chomwe chingakuletsetseni masewera

M'mashopu ogulitsa ma supplement, zakudya zowonjezera za anthu olimbitsa thupi, muno mu Lilongwe, kaya ku Old Town, cha ku Area 47 kapena pakauntala ya jimu ya kwanuko, shelefu yake imafanana. Pamwamba pamakhala zigubu zikuluzikulu za whey ndi mass gainer, pakati tizitini ta creatine ndi pre-workout, pansi timabotolo ta makapisozi tolembedwa fat burner (oti amachepetsa mafuta m'thupi) kapena testo booster (oti amawonjezera mphamvu zachimuna). Pafupifupi zonse n'zochokera kunja ndipo mitengo yake imayendera limodzi ndi dola. Kwa munthu wongofuna kuti shati izimuthina m'mapewa, kugula molakwitsa kumangomudyera ndalama. Kwa wosewera mpira muligi, wothamanga, wankhonya kapena wonyamula zitsulo pamipikisano, kumatha kumudyera zaka, chifukwa tsiku lina akutuluka m'bwalo pa Bingu National Stadium kapena pa Civo, wina adzamuyandikira ndi fomu n'kumuuza kuti akufuna mkodzo wake kuti akauyeze ngati muli mankhwala oletsedwa pamasewera.

Chinthu chokhacho pashelefupo chomwe tingati ndalama yake imabwerera popanda kukayika ndi creatine monohydrate. Ndi ufa woyera, wopanda fungo, wamchengamchenga ukakhala pansi pa kapu. Si mankhwala oletsedwa ndipo thupi limapanga lokha wina wochepa, wina timamupeza mu nyama ndi nsomba. Ntchito yake ndi kuthandiza minofu kubwezeretsa mphamvu mwachangu pa zinthu za masekondi ochepa: kuthamangira mpira, kulumpha pansi pa golo la mpira wamanja, kukankha chitsulo kachisanu ndi chimodzi pomwe mukanalekera kachisanu. Wothamanga makilomita 21 kapena 42 sapindula naye kwenikweni, ndipo kulemera komwe amabweretsa kumatha kumubwezera m'mbuyo.

Kamwedwe kake n'kosavuta. Magalamu 3 mpaka 5 tsiku lililonse, lomwe mwachita masewera ndi lomwe mwapuma, nthawi iliyonse yomwe simungaiwale. Pakatha milungu pafupifupi 4 minofu imakhala yadzaza. Ofuna changu amamwa magalamu 20 patsiku, owagawa kanayi, kwa masiku 5 mpaka 7, kenako n'kutsikira pa magalamu 3 mpaka 5. Njira yachanguyi ndi yomwe imatsegula ena m'mimba, makamaka akamwa magalamu 10 kapena kuposa nthawi imodzi, ndipo mapeto ake ndi amodzimodzi ndi njira yapang'onopang'ono. Yembekezerani kuti sikelo ikwera ndi kilogalamu imodzi kapena awiri m'masabata oyamba. Amenewo ndi madzi olowa m'minofu, osati mafuta, koma wankhonya amene ali pamalire a kulemera kwa gulu lake aziwerengeretu. Sungunulani n'kumwa pompo. Creatine wogona m'botolo la juwisi tsiku lonse padzuwa la Okutobala amayamba kuwonongeka. M'nyengo yamvula ufawu umaundana ngati chitini sichitsekedwa bwino, choncho kathumba koyamwa chinyezi kamene kamabwera m'katimo musakataye. Amene ali ndi vuto la impso asayambe asanaonane ndi adokotala, ndipo aliyense womwa creatine akakayezetsa magazi awauze achipatala, chifukwa nambala ya creatinine, yomwe amaonera ntchito ya impso, imatha kukwera pang'ono.

Pali ma creatine ena a mayina ataliatali, odula kuposa wamba, ena osakaniza ndi shuga ndi zokometsera. Palibe chomwe amachita choposa monohydrate. Chitini chabwino ndi chomwe pamndandanda wa zosakaniza pali chinthu chimodzi basi.

Whey ndi wabwino koma si wofunikira monga ogulitsa amanenera. Ndi mapuloteni otsala popanga tchizi kuchokera ku mkaka, owumitsidwa n'kukhala ufa. Sipuni yake ya magalamu 30 imapereka magalamu 22 mpaka 25 a mapuloteni ngati ali weniweni. Wotchedwa concentrate amakhala ndi mapuloteni 70 mpaka 80 pa 100 iliyonse komanso shuga wa mumkaka, yemwe amatupitsa mimba ya anthu ambiri akuluakulu kuno kwathu. Wotchedwa isolate amafika 90 pa 100, shuga wa mumkakayo n'ngochepa, koma mtengo ndiye umaluma. Musanagule, funso ndi lakuti kodi mukuperewera mapuloteni kapena ayi. Wochita masewera mwamphamvu amafunika magalamu 1.6 mpaka 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Munthu wa makilogalamu 70 ndiye kuti magalamu 112 mpaka 140, owagawa pa zakudya zinayi kapena zisanu, osati kuwaunjika pa mgonero.

Tiyeni tiwerenge ndi zakudya za pamsika wa Lizulu kapena wa ku Area 25. Mazira awiri m'mawa ndi magalamu 12, kapu ya mkaka ya mamililita 250 ndi 8. Masana usipa wouma wolemera magalamu 40 ukupatsani pafupifupi 24. Mukaweruka kumasewera, theka la lita la chambiko ndi 16. Madzulo masoya pisi ouma magalamu 50 ndi pafupifupi 25, kapu ya nyemba zophika ndi 13. Mtedza wodzaza dzanja ndi 7. Nsima nayo siyopanda kanthu: ufa wolemera magalamu 300 pa tsiku, makamaka mgaiwa, umawonjezera oposa 20. Mwadutsa kale 120 musanatsegule chigubu chilichonse. Apa ndiye whey amangokhala wothandiza pa ulendo, pa kampu kapena kwa wogwira ntchito amene amachoka ku ofesi kupita kujimu n'kukafika kunyumba usiku. Mukafuna kudziwa ngati mtengo wake uli wachilungamo, chulukitsani mapuloteni a sipuni imodzi ndi chiwerengero cha masipuni m'chigubumo, mugawe mtengo ndi nambala imeneyo, kenako muchite chimodzimodzi ndi thireyi ya mazira 30, yomwe ili ndi magalamu pafupifupi 180. Kawirikawiri mazira ndi masoya pisi ndiwo amapambana. Mtedza ndi chiponde ingosankhani bwino. Wachuku ndi wowawa uja amakhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa.

Pa lebulo ya whey pali kachinyengo kamodzi kofunika kukadziwa. Kuyeza kotchipa kwa mapuloteni kumangowerenga nayitirojeni, ndiye opanga ena amathiramo glycine kapena taurine, zinthu zotchipa zokhala ndi nayitirojeni, kuti nambala ioneke yayikulu. Mukaona mayina amenewa pafupi ndi kumayambiriro kwa mndandanda wa zosakaniza, bwezani chigubucho pashelefu.

Mass gainer sitikhalitsapo. Gawo lalikulu la chigubucho ndi maltodextrin, shuga wopangidwa kuchokera ku chimanga kapena zofanana nacho, ndipo mlingo umodzi umatha kukhala magalamu 150 mpaka 300, moti chigubu chooneka chachikulu chimatha m'masabata awiri kapena atatu. Phala la Likuni lothira mkaka, masipuni awiri a chiponde ndi nthochi limagwira ntchito yomweyo. Wowonda amene akulephera kunenepa nthawi zambiri amangodya kawiri patsiku, vuto limakhala pamenepo.

Kupatula creatine uja, pomwe pali ngozi ndi pashelefu yapakati ndi yapansi. Pre-workout ndi ufa wamitundu yowala womwe umamwedwa mphindi 30 masewera asanayambe. Chomwe mumamva mukamwa, kwenikweni ndi caffeine, mamiligalamu 150 mpaka 300 pa sipuni, ena kuposa apo. Caffeine anachotsedwa pamndandanda wa zoletsedwa mu 2004 ndipo amathandizadi pa mlingo wa mamiligalamu 3 pa kilogalamu ya thupi, ndiye kuti pafupifupi 200 kwa munthu wa makilogalamu 70, mphindi 45 mpaka 60 masewera asanayambe. Amenewo ndi makapu awiri kapena atatu a khofi wa m'chitini. Mukapyola, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, ndipo amene amachita masewera madzulo amagona mochedwa, pomwe tulo ndi tomwe timamanga minofu. Kuyabwa kwa pankhope ndi m'manja komwe anyamata amati ndi chizindikiro chakuti "yagwira" kumachokera ku beta-alanine. Sikoopsa, koma sikutanthauzanso kanthu: beta-alanine amagwira ntchito akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa mwezi kapena kuposa, osati kamodzi.

Vuto lenileni ndi zomwe zabisala. Zitini zambiri zimalemba proprietary blend, kutanthauza kuti akupatsani kulemera kwa zonse pamodzi koma sakuuzani chilichonse ndi chochuluka bwanji. Zina zimakhala ndi methylhexaneamine, yemwe amalembedwanso DMAA, 1,3-dimethylamylamine kapena geranium extract. Dzina lomalizali limamveka ngati duwa la pakhonde koma ndi mankhwala oletsedwa pa mpikisano. Ndi omwewa anapezeka mu mkodzo wa Nesta Carter wa ku Jamaica, wotengedwa pa Olimpiki ya 2008 ku Beijing ndi kuyezedwanso patapita zaka, ndipo mu 2017 timu yake yonse yopatsirana kamtengo, ya anthu anayi othamanga mamita 100 aliyense, inalandidwa mendulo yagolide, kuphatikizapo Usain Bolt. Mkodzo umatha kusungidwa zaka 10. Mu ma fat burner mumapezeka higenamine, woletsedwa nthawi zonse, yemwe amabisala m'mayina a zomera monga Nelumbo nucifera ndi Nandina domestica. Mu ma testo booster mumatha kukhala DHEA, yemwe anapezeka mwa Paul Pogba ali ku Juventus; anapatsidwa chiletso cha zaka 4 mu 2024, kenako khoti la zamasewera la ku Lausanne linachitsitsa kufika miyezi 18. Pogba anali ndi maloya a padziko lonse. Mnyamata wa ku Kawale wosewera muligi yathu alibe.

Ndipo si zonse zomwe zimalembedwa n'komwe. Labotale ya ku Cologne ku Germany inayeza ma supplement 634 ogulidwa m'mayiko 13, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2004 zinaonetsa kuti 94 mwa iwo, pafupifupi 15 pa 100 aliwonse, anali ndi ma steroid, mankhwala oletsedwa okulitsa minofu, osalembedwa pa lebulo. Nthawi zina ndi dala, kuti ogula aone kusintha msanga. Nthawi zina ndi makina a pafakitale omwe anapanga chinthu china dzulo lake n'kusatsukidwa bwino. Makina oyezera mkodzo amaona ngakhale kachidutswa kochepetsetsa, ndiye kafumbi kotsalira m'makina a pafakitale n'kokwanira.

Lamulo la WADA, bungwe loona za nkhaniyi padziko lonse lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndi lakuti chilichonse chopezeka m'thupi la wosewera ndi mlandu wa wosewerayo. Kunena kuti akochi ndiwo anandipatsa, kapena wogulitsa anati n'zachilengedwe, sikufafaniza mlandu. Kungathe kungochepetsa chilango, ndipo pokhapokha mutabweretsa umboni. Chilango chake, choletsedwa kusewera, chimayambira pa zaka 4 ngati zaoneka kuti zinali dala, kapena 2 ngati sizinali dala. Kuno kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa Malawi Anti-Doping Organisation. Mndandanda wa zoletsedwa umasinthidwa chaka chilichonse n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale, ndiye pepala lomwe linamatidwa m'chipinda chovalira zaka zitatu zapitazo si lodalirika.

Choncho kwa wopikisana, chinthu choyamba kuyang'ana pachitini si dzina la kampani koma chizindikiro cha Informed Sport kapena NSF Certified for Sport. Amenewa ndi mabungwe oyeza zinthu zoletsedwa m'ma supplement. Chizindikiro chokha sichikwanira, chifukwa lebulo imasindikizidwa ndi aliyense. Tembenuzani chitini, pansi kapena pafupi ndi tsiku lothera ntchito pali nambala ya batch, yosonyeza gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi. Lowani pa intaneti ndi foni yanu muli mushopu momwemo, lembani nambalayo pa tsamba la Informed Sport, muone ngati ikutuluka. Samalaninso kuti Informed Choice si chimodzimodzi ndi Informed Sport: woyambayo amayeza mwa apo ndi apo, wachiwiriyo amayeza batch iliyonse isanagulitsidwe. Mawu ngati lab tested kapena banned substance free opanda chizindikiro cha oyeza odziyimira paokha ndi otsatsira malonda chabe. Ngakhale choyezedwacho chimangochepetsa ngozi, sichiichotseratu.

Apa ndi pomwe mashopu ambiri a mumzinda muno amagwa. Katundu amakhalapo, koma wokhala ndi chizindikiro chimenechi amasowa, ndipo wogulitsa ukamufunsa za batch amakuonetsa tsiku lothera ntchito. Ambiri ndi anthu aulemu, odziwa kukometsera kwa chokoleti ndi kwa vanila, koma funso lakuti "kodi mumapikisana?" salifunsa, pomwe ndilo loyamba kufunsa asanatambasule dzanja pashelefu. M'mafamase zinthu zimakhalako bwino pang'ono, chifukwa pamakhala munthu wotha kuwerenga dzina la mankhwala, malo amakhala ozizira ndipo lisiti amapereka. Choipitsitsa ndi malonda opimitsa: whey kapena creatine wotapidwa m'chigubu chachikulu n'kuikidwa m'timapepala ta pulasitiki, ogulitsidwa pajimu kapena kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. N'zomveka, chigubu chathunthu si aliyense angachifike, ndipo tinazolowera kugula shuga ndi mafuta mopima. Koma kathumba kotere kalibe lebulo, kalibe batch, kalibe tsiku lothera ntchito, ndipo sipuni yotapira imatha kukhala yomweyo yomwe yangotuluka mu pre-workout. Ufa woyera ukhoza kukhala wosakaniza ndi mkaka waufa kapena kondowole inu osadziwa. Wopikisana asakhudze n'komwe.

Chigubu chathunthu nachonso chiyang'aneni. Pansi pa chivindikiro pakhale kapepala komata kosang'ambika ndi kosamatidwanso ndi guluu. Zilembo za batch zikhale zodindidwa pachigubu, osati kasitika komata pamwamba pa kena. Chomwe chakhala pawindo padzuwa mpaka lebulo kuyezuka chisiyeni.

Komatu osewera ambiri kuno angakodwe ndi za m'famase ndi m'golosale kusiyana ndi za pashelefuyi. Tramadol, yemwe ena amamwa kuti aphe ululu wa bondo asanalowe m'bwalo, ndi woletsedwa pa mpikisano kuyambira pa 1 Januwale 2024. Mankhwala ena a chimfine ali ndi pseudoephedrine, woletsedwa akapyola mamaikulogalamu 150 pa mililita ya mkodzo. Langizo ndi kusiya kumwa maola osachepera 24 nthawi ya mpikisano isanayambe, ndipo nthawiyo imayamba 11:59 usiku wa tsiku loti mawa lake mukusewera. Prednisolone ndi dexamethasone, akumwa kapena obaya, ndi oletsedwa pa mpikisano. Wodwala mphumu amaloledwa salbutamol wopopera mkamwa mpaka mamaikulogalamu 1,600 pa maola 24, osapyola 600 pa maola 8, koma wamapiritsi ndi wamadzi akumwa ndi woletsedwa. Hydrochlorothiazide wa BP ndi furosemide, omwe ankhonya ena amamwa kuti akodze n'kutsika pasikelo, ndi oletsedwa nthawi zonse. Goloboyi André Onana ali ku Ajax anapezeka ndi furosemide atamwa molakwitsa piritsi la akazi ake, n'kupatsidwa chiletso cha miyezi 12 mu 2021, chomwe chinatsitsidwa kufika 9. Diripi yoposa mamililita 100 pa maola 12 ndi yoletsedwanso, kupatula pamene munthu akulandira chithandizo m'chipatala. Chamba nacho n'choletsedwa pa mpikisano, ndipo kwa wosuta kawirikawiri chimakhalitsa mu mkodzo kwa masabata. Amene akufunikadi mankhwala oletsedwa chifukwa cha matenda apemphe chilolezo chotchedwa TUE, ndi kalata ndi zotsatira za kuchipatala, asanayambe kupikisana. Paracetamol ndi ibuprofen alibe vuto ndi lamuloli, bola akhale okhaokha osati osakaniza ndi zina za chimfine.

Zakumwa za pamasewera zomwe zili m'furiji pambali pa shelefuyi zilibe chobisika, zangokhala zodula. Masewera osapitirira ola limodzi, madzi ndi okwanira. Akapitirira, makamaka m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, thupi limafuna magalamu 30 mpaka 60 a shuga pa ola ndi kamchere. Lita imodzi ya madzi abwino, masipuni aakulu asanu a shuga, kotala la sipuni yaing'ono ya mchere ndi ndimu wofinyiramo, mwapanga chanu. Muziyamba mwachiyesa pokonzekera, osati tsiku la mpikisano. Kuti mudziwe thukuta lomwe mumataya, kwerani sikelo musanayambe ndi mukamaliza. Kilogalamu iliyonse yomwe yachoka mubwezere ndi lita imodzi ndi theka m'maola otsatira. Ma energy drink a m'zitini ndi ena: shuga wake ndi wochuluka kwambiri moti amachedwa kuchoka m'mimba, ndipo mukaphatikiza ndi pre-workout caffeine amapyola mamiligalamu 400, omwe ndi malire a munthu wamkulu pa tsiku lonse. Thobwa mukaweruka ndi labwino kuposa zonsezi, bola lisakhale losasa.

Mukagula chilichonse mwa izi, sungani lisiti, jambulani lebulo ndi nambala ya batch, ndipo chitini chikamatha siyanimo masipuni awiri kapena atatu n'kuchisunga chotseka. Tsiku loyezedwa mudzapereka mkodzo wosachepera mamililita 90 pamaso pa woyang'anira wamwamuna ngati ndinu mwamuna, wamkazi ngati ndinu mkazi, n'kuugawa nokha m'mabotolo awiri, A ndi B. Pafomu pali malo olemba mankhwala ndi ma supplement onse omwe mwamwa m'masiku 7 apitawo. Lembani onse, ngakhale a zitsamba omwe anakupatsani agogo ndi piritsi la mutu la dzana, ndipo muone kuti manambala a pamabotolo akufanana ndi a pafomu musanasayine.